Chisanu Chikatentha Dimba la Mnzako

Mawu a lero: Yobu 2:11-13, Yobu 14:7-9, Mlaliki 4:9-12

Moni kwa inu amene mwazungulira mbaula m'mawa uno ku Bwacha, ku Katondo ndi ku Makululu, komanso inu a m'midzi ya ku Chibombo ndi ku Kapiri Mposhi. Ndikudziwa kuti ena mukumvera muli kudimba, wailesi mwaikoleka pamtengo, zala zili gwa ndi kuzizira. Mawu a lero ndi anu, ndiponso ndi a anansi anu.

Ino ndi nyengo ya chisanu. Ife a kuno ku Kabwe tili pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndiye Juni ndi Julayi akafika, usiku umaluma. Alimi a madimba amaudziwa usiku woopsa. Umakhala wopanda mitambo, wopanda mphepo, nyenyezi zili mbee kumwamba. Kutentha kumene nthaka inasunga masana kumathawira m'mwamba, popeza palibe mtambo wokutchinga. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho umatsetsereka ngati madzi kuchokera kumtunda n'kukadikha m'dambo, kumene kuli madimba athu. Kukamayandikira kucha, madzi a m'masamba amaundana n'kuphulitsa timinofu ta tsamba. Dzuwa likatuluka, tsamba lija limafota n'kuda ngati lathiridwa madzi owira. N'chifukwa chake timati chisanu chatentha mbewu, ngakhale moto sunadutsepo.

Chaka china m'mwezi wa Julayi, chisanu chotere chinagwa m'dambo lina kunja kwa tauni yathu ino. Mayi wina wa mumpingo mwathu, wamasiye, wolera ana ake atatu ndi mdzukulu mmodzi, anali ndi dimba kumunsi kwenikweni, pafupi ndi chitsime. Anabzala matimati mabedi ambiri. Ndalama ya mbewu ndi feteleza anabwereka ku gulu la amayi osunga ndi kubwereketsana ndalama. Matimatiwo anali atabereka bwino, ena atayamba kufiira, ndipo mayiyu anali atawerengera kale mumtima: bokosi ili ndi la ngongole, ili la nsapato ndi makope a ana, ili la ufa. Tsiku lina anagona ali ndi dimba, kutacha anapeza mabedi onse ali bii.

Lamulungu lotsatira sanabwere kutchalitchi. Anauza mnansi wake kuti kudimba sadzapondakonso, aliyense wofuna akangoyatsa moto. Amayi anzake atamva anapangana tsiku, ndipo ine anandiitana kuti ndikapemphere nawo. Tinamutenga mayiyo kunyumba kwake monyengerera, tinatsika naye kudambo dzuwa litangotuluka.

Apa ndiulule kulakwa kwanga, chifukwa ndi kumene kunandiphunzitsa zimene ndikulankhula lero. Titafika, ndinayang'ana dimbalo, ndinayang'ananso madimba a kumtunda amene anapulumuka, kenaka ndinati, "Amayi, paja tinkanena kuti kumunsi kuno chisanu chimakonda." Zimene ndinanenazo zinali zoona. Koma mayi uja anangowerama, n'kukoka chitenje kuphimba kumaso. Panali gogo wina pamenepo, wamkulu pa tonse. Sanandidzudzule. Anangotola khasu, n'kundipatsa ndi manja awiri, nati, "Abusa, khasu ili lilibe mwini." Ndinalandira. Ulaliki wa tsiku limenelo unali umenewo, ndipo womva ndinali ine.

Abale ndi alongo, m'buku la Yobu mutu 2 timamva za anzake atatu a Yobu: Elifazi, Bilidadi ndi Zofari. Atamva za tsoka la mnzawo, anapangana, ananyamuka kwawo, anabwera. Anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku, osayankhula kanthu. Mpaka pamenepo anachita bwino. Zinthu zinaipa pamene anatsegula pakamwa n'kuyamba kufufuza chimene Yobu analakwa kuti zimenezi zimugwere. Kumapeto kwa bukuli, pa mutu 42, Mulungu akuwakwiyira chifukwa cha zimene anayankhula. M'mutu womwewo mukubwera anthu ena, abale ndi alongo a Yobu ndi amene ankamudziwa kale. Iwowa anadya naye m'nyumba mwake, anamutonthoza, ndipo aliyense anamusiyira ndalama ndi mphete yagolide. Tsiku lija kudimba ine ndinafika ngati Elifazi, nditanyamula chifukwa. Amayi aja anafika atanyamula makasu, zikwanje, ndowa ndi mbatata yowotcha.

Munthu amene dimba lake lapsa ndi chisanu amadziwa kale pamene analakwitsa. Wagona nazo usiku wonse. Nthawi yokambirana za malo abwino obzala idzafika, ndipo adzamva bwino kuchokera kwa munthu amene anagwira naye khasu.

Tsopano imvani mmene ntchito inayendera. Mayi uja, mtima uli wowawa, anagwira chikwanje n'kulunjika pa nthochi zimene masamba ake anali atauma ngati fodya. Ankafuna kugwetsa zonse. Gogo uja anamugwira dzanja. "Mwana wanga, dikira. Si zonse zafa." Anatiyendetsa dimba lonse bedi ndi bedi, ndipo anagawa zonse m'magulu atatu.

Gulu loyamba linali la zakufa. Matimati, nyemba ndi maungu sizipirira chisanu. Tsinde likada n'kufewa mpaka pansi, palibenso choyembekezera. Zimenezi tinazula. Koma tisanazule, atsikana anadutsa ndi mabeseni kutola matimati amene anabisala mkati mwa masamba ndipo anali olimba. Aawisi otere amapsa okha ukawayala m'nyumba. Amene anali atafewa n'kuoneka ngati alowa madzi tinawataya. Timitengo tochirikizira matimati tinatizula, tinatimanga m'mitolo kuti tidzagwirenso ntchito. Mapesi abwino tinawaunjika padzenje la kompositi kuti awole akhale manyowa. Amene anali ndi matenda kapena mbozi tinawapatula n'kuwakwirira kutali, kuti matendawo asabwerere m'mabedi.

Gulu lachiwiri linali la zamoyo. Repu, kabichi ndi anyezi zimalimbana nacho chisanu. Masamba akunja anali atapserera m'mphepete, koma mtima wa mbewu unali wobiriwira. Mayi uja anali atadutsa pa mabedi amenewa masiku angapo m'mbuyomo osaona kanthu. Mbatata nayonso, mayani ake anali atada, koma titakumba tinapeza mbatata yabwinobwino pansi pa nthaka.

Gulu lachitatu linali la zodikira. Nthochi ndi mapapaya gogo anatiletsa kudula. Anati masamba oumawo akhale, chifukwa ndi bulangeti la tsinde chisanu chikabweranso. Anati tidikire kuzizira kuthe, mtengo wokha udzasonyeza pamene pali moyo. Ngakhale nthochi yaikulu itafa, pansi pamatuluka ana.

Okondedwa, apa ndi pamene pali mtima wa uthenga wathu. Chisoni chimachititsa munthu khungu. Wotayikidwa akayang'ana amaona zonse zili zakuda, ndipo ali wokonzeka kudula ndi zamoyo zomwe. Amafunika maso a mnzake. Manja athu tsiku lija anathandiza, koma chimene chinapulumutsa dimbalo ndi munthu amene anaima pambali pa mwini wake n'kumuuza kuti ichi chafadi, tichotse. Ichi chili moyo, tichisamale. Ichi sitikudziwa, tidikire. Mnzako weniweni sakunamiza kuti palibe chimene chaonongeka. Amazula nawe zakufazo, osazengereza. Koma amagwiranso dzanja lako pamene chikwanje chalunjika pa chinthu chamoyo.

Yobu mwiniwake ankazidziwa izi za mitengo. Pa mutu 14 akukumbukira kuti mtengo wodulidwa umatha kuphukanso, ndipo chitsa chooneka chakufa chikangomva chinyezi chimatulutsa nthambi zatsopano. Iye ankanena zimenezi modandaula, poona ngati munthu alibe mwayi umene mtengo uli nawo. Ife amene tamva za kuuka kwa Yesu tikudziwa kuti Mulungu sanasiye munthu wopanda chiyembekezo. Mneneri Yesaya pa mutu 42 akufotokoza Mtumiki wa Mulungu ngati munthu wodekha, amene samaliza kuthyola chimene chapindika kale, ndipo sazimitsa kamoto kamene katsala pang'ono kuzima. Umu ndi mmene Ambuye amayendera m'dimba la moyo wathu, ndipo amafuna kuti ifenso tiziyenda motero m'dimba la mnzathu.

Mwina wina afunsa kuti, kodi kale makolo athu sankachita zimenezi? Ankachita. Kumudzi kunali dima. Munthu amafulula thobwa kapena munkoyo, anansi amabwera ndi makasu, munda umatha tsiku limodzi, mawa amapita kwa wina. Koma tauni yathu ino inamangidwa ndi alendo. Miyala ya mtovu ndi zinki itapezeka mu 1902, malo ano anatchedwa Broken Hill, ndipo njanji inafika mu 1906. Anthu anabwera m'dziko la Alenje kuchokera kumpoto, kum'mawa, kumwera, ena kuchokera ku Nyasaland, kudzagwira ntchito mumgodi ndi kunjanji. Mgodi unatsekedwa mu 1994. Mabanja ambiri anatsala kuno, kumudzi kuli kutali, malipiro a pamwezi atatha, ndipo ambiri anatembenukira ku khasu. Lero mnansi wako wa kudimba akhoza kukhala Mbemba, Mlenje, Mtonga kapena Mchewa. Amalume ako ali ku Katete kapena ku Kasama. Chisanu chikagwa, amene angafike m'mawa womwewo ndi amene mumatunga naye pachitsime chimodzi, ndi amene mumakhala naye benchi limodzi kutchalitchi. M'tauni ngati ino, dima sachitika yekha. Pafunika wina woyamba kugogoda pakhomo.

Mlaliki mutu 4 akuyerekeza munthu amene ali yekha ndi anthu amene ali awiri. Awiri amapindula pa ntchito yawo. Wina akagwa, mnzake amamudzutsa. Ndipo pa usiku wozizira amafunditsana. Wolemba mawuwa ankakudziwa kuzizira kwa usiku. Akuluakulu athu ananena zofanana: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Chisanu sichisankha. Chaka chino chadikha kumunsi, chaka chamawa kumtunda kudzakhala mbozi, kapena chitsime kuphwa mu Okutobala. Amene anapulumuka usiku uja asaganize kuti anapulumuka chifukwa chopemphera kwambiri. Mpweya wozizira umatsata kutsika kwa malo, sutsata machimo a mwini dimba.

Tsiku lokolola anzako sasowa. Matimati akafiira, aliyense amadziwa njira ya kudimba kwako. Tsiku lozula zakufa ndi lina. Palibe chobwerera nacho kunyumba, manja amanunkha zowola, mame amalowa m'nsapato. Yakobo pa mutu 2 akudzudzula munthu amene amaona m'bale wake alibe chovala ndi chakudya, n'kumufunira mafuno abwino oti afunde ndi kukhuta, koma osamupatsa kanthu. Ife Akhristu tili ndi chizolowezi chonena kuti "tikukupemphererani" titaima kumsewu. Pemphero ndi lofunika, ndipo tsiku lija tinapemphera. Koma tinapemphera ntchito itatha, titakhala pansi pamodzi, mbatata ili m'manja, ndipo ameni wa mayi uja anamveka.

Ndiyankhulenso ndi inu amene dimba lanu ndi limene lapsa. Mwina si dimba la matimati. Mwina ndi ntchito imene yatha, geni imene yagwa, banja limene lazizira, kapena mwana amene wasiya sukulu. Manyazi amakuuzani kuti mutseke chitseko, anthu asaone. Mayi uja anachita zomwezo, ndipo akanakhala yekha akanawotcha repu ndi nthochi zomwe. Kulandira chithandizo si kupempha. Mukalola mnzanu kulowa m'dimba lanu, mwamupatsa mwayi womvera Mulungu. Ndipo musapange chisankho chachikulu m'mawa wa chisanu. Musagulitse malo, musalonge katundu, musanene kuti "kutchalitchi ndasiya" mtima ukadali wotentha. Itanani munthu mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro, ayende nanu bedi ndi bedi.

Kwa inu amene mukufuna kuthandiza, nazi zinthu zochepa zimene tinaphunzira. Pitani msanga, zipatso zopulumuka zisanawole. Pitani muli angapo, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Tengani zida zanu ndi chakudya chanu, kuti mwini dimba asavutike ndi kukudyetsani. Funsani musanazule, pakuti dimbalo ndi lake. Ndipo musabwerere mutangosiya mabedi ali mbee. Tsiku lija mayi wina anabweretsa mbande za repu kuchokera ku nazale yake, wina za chinizi, bambo wina wilibala ya manyowa a mbuzi. Pofika masana, mabedi awiri mwa amene tinazula anali atabzalidwa kale. Repu sachedwa, pakangopita masabata ochepa munthu amayamba kuthyola. Mbande zimenezo zinamupatsa mayi uja chifukwa chodzukira m'mawa wotsatira, popeza zinkafuna madzi.

Pali chenjezo lapadera kwa inu amene mumalima pafupi ndi mgodi wakale, ku Kasanda, ku Chowa ndi ku Makululu. Dothi la kumeneko lili ndi mtovu, ndipo mtovu umavulaza kwambiri ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Nyengo ino ndi youma, fumbi silichedwa kubuka. Posesa ndi pozula, yambani mwawaza madzi pansi. Ana asasewere pamene mukugwira ntchito. Sambani m'manja ndi sopo musanadye, ndipo ndiwo zamasamba muzitsuke bwino musanaphike. Kukonda mnzako kukuphatikizapo kusamala ana ake.

Ubwenzi wa pachisanu umayamba ngakhale chisanu chisanagwe. Mukaona kuti madzulo kwazizira msanga, mphepo yaleka, kumwamba kulibe mtambo, muuzeni mnzanu. Lamya ili m'thumba. Thirirani dimba masana, chifukwa nthaka yonyowa imasunga kutentha kuposa youma. Dzuwa lisanalowe, fundikani mbewu zanthete ndi udzu kapena masaka, n'kudzavundukula m'mawa. Mpanda wa udzu kumbali ya kumtunda umapatutsa mpweya wozizira, koma kumunsi siyani potulukira kuti usadikhe m'dimba. Nkhalamba yokha singafundike mabedi khumi dzuwa lisanalowe. Anyamata atatu a kwaya angathe m'kanthawi kochepa.

Mukufuna kudziwa mmene zinathera. Sindikunamizani: matimati aja sanabwerere, ndipo ndalama imene mayiyo ankayembekezera sinapezeke chaka chimenecho. Ngongole anaibweza mochedwa, pang'onopang'ono, ndi ndalama ya repu ndi anyezi, anzake a m'gulu atamulezera mtima. Papaya mmodzi anafa. Nthochi zinatulutsa masamba atsopano kutayamba kutentha. Koma dimba sanalisiye, ndipo Lamulungu lotsatira anali pa benchi lake. Chaka chinzake matimati anabzala kumtunda, kumunsi anaika kabichi. Malangizo amenewo anawamva kwa gogo uja, patapita milungu ingapo, akuthirira limodzi. Ndi malangizo omwe aja amene ine ndinanena tsiku loyamba, koma tsopano anachokera m'kamwa moyenera, pa nthawi yoyenera.

Paulo pa Agalatiya 6:2 akutiuza kuti tikathandizana kusenza zolemera, ndiye kuti tatsata lamulo la Khristu. Ambuye wathu sanatilalikire ali patali. Anatsikira kumunsi kwenikweni, kumene chisanu cha uchimo ndi imfa chinadikha, ndipo anadetsa manja ake chifukwa cha ife. Pa Yohane 15 akutcha ophunzira ake abwenzi. Ngati tili abwenzi ake, tidziwike ndi njira imene timayenda m'mawa wa chisanu.

Choncho ndikusiyirani ntchito imodzi sabata ino. Ganizirani munthu mmodzi amene simunamuone kutchalitchi, kapena amene dimba lake mwaliona lada podutsa. Musadikire chilengezo cha pa guwa. Uzani anzanu awiri kapena atatu, tengani khasu, tengani mbande ngati muli nazo, mupite. Mukafika, mawu akhale ochepa. Yang'anani chimene chikadali moyo, mumusonyeze.

Tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, Inu amene mumapereka dzuwa ndi mvula, mame ndi chisanu, tikubweretsa kwa Inu onse amene adzuka m'mawa uno n'kupeza thukuta lawo lapita pachabe. Muwatonthoze, ndipo muwatumizire anthu. Mutikhululukire pamene tinafika pa tsoka la mnzathu titanyamula chiweruzo. Mutipatse manja ofulumira, pakamwa podekha, ndi maso oona chimene chikadali moyo. Amene atseka chitseko chifukwa cha manyazi, muwapatse mtima wotsegula. Dalitsani madimba a ku Kabwe ndi midzi yonse yozungulira, tetezani ana athu, ndipo mutisunge mpaka kuzizira kudzathe. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, Bwenzi lathu ndi Mpulumutsi wathu. Ameni.

Mulungu akudalitseni nonse. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.